Piritsi Lachitatu la Dailesi

Ana anga, tsiku limene ananditsanzika kuntchito munamva akuluakulu akunena kuti atate anu anali munthu wosamala, amene pa zaka zonsezo sanalembepo bodza m'faelo ya wodwala. Inu munaomba m'manja, ine ndinaweramitsa nkhope. Munayesa ndi manyazi anga aja a masiku onse. Ndalemba gawo lino kuti mudziwe kumene mbiri imeneyo inachokera.

CHAKA CHOYAMBA

Ndinafika ku Lusaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, chikalata cha Fomu 3 cha pasukulu ya mishoni kwathu ku Chadiza, ndi buluku limodzi loonekako bwino. Amalume anga a ku Mtendere ndiwo anandipezera malo pachipatala chachikulu. Anandiika m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde, mmene munali makina oyeza ubongo. Ntchito yanga inali kumata tinthambo pamutu pa wodwala ndi kumuuza kuti atsinzine, kenako apume mwamphamvu, uku zolembera za makinawo zikukanda mizere papepala lalitali ngati chitenje. Pafupifupi onse obwera mmenemo anali odwala khunyu.

Bwana wanga anali a Dokotala Sakala, munthu wamfupi, wosaseka wamba. Tsiku loyamba anandifunsa kuti, "Kwanu amati chiyani munthu akagwa?"

Ndinayankha ndikuyang'ana nsapato zawo. "Amati tithawe, bwana. Akuti thovu lake limapatsira."

"Nanga iwe ukuti chiyani?"

"Ine ndikuti zimene munene inuyo, bwana."

Anapukusa mutu. "Matendawa sapatsirana. Koma yankho lakolo ndiye matenda. Muno sindifuna wondisangalatsa, Eliya Mbewe. Ndifuna munthu woona chinthu n'kudzandiuza monga wachionera, ngakhale chindikwiyitse."

Mawu amenewo ndinawasunga kuposa a m'katekisimu. Sipanapite nthawi ndinazindikira kuti njira yokhayo yosangalatsira bamboyo inali yomweyo, ndipo ine ndinkafunitsitsa kuwasangalatsa.

Zinali zaka zoima pamzere. Ufa pamzere, sopo pamzere, mafuta ophikira kungomva kuti afika ku Matero, pofika kumeneko atha. Kuchipatala nako kunali chimodzimodzi. Pepala la makina linkachokera kunja, ndipo litasiya kubwera tinayamba kutembenuza mapepala akale, kotero ubongo wa munthu mmodzi unkakhala kumaso, wa wina kumbuyo. Inki ndinkaichepetsa mphamvu mpaka mizere inkaoneka ngati mapazi a nyerere. Mapiritsi aang'ono oyera, amene ankathandiza odwala athu ambiri, ankapezeka mwezi uno, mwezi wamawa ayi. A Sakala anamvana ndi a ku famasi kuti ochepa amene afikawo aziyamba kulandira ndi a makadi akale. Watsopano ankauzidwa kuti akayesenso mwezi wina.

CHAKA CHACHITATU, NYENGO YOZIZIRA

Chaka chimenecho kunabwera kalata yochokera ku bungwe lina la kunja. Linati litenga odwala athu atatu pa ndege kuti akawachite opaleshoni ya ubongo kwawoko. Atatu okha, pamene mafaelo athu ankadzaza makabati awiri.

A Sakala anandikhazika pansi n'kundifotokozera. Opaleshoni siithandiza aliyense. Imathandiza amene matenda ake amayambira pamalo amodzi, kawirikawiri cha pamwamba pa khutu, pamene pali kachipsera m'ubongo. Dokotala amachotsa kamaloko, munthu n'kuleka kugwa. Koma mpeni ukalowa m'mutu suubweza zimene wadula. Munthu angathe kutuluka woiwalaiwala, wofooka mbali imodzi, kapena osatulukamo n'komwe. N'chifukwa chake lamulo lalikulu linali lakuti wosankhidwa akhale amene wamwa mitundu iwiri ya mankhwala, mokwanira ndi mosadumphitsa, koma osamuthandiza.

Makina ojambula m'kati mwa mutu ife tinalibe. Tinkadalira mapepala anga otembenuza aja ndi maso a achibale. Koma achibale ambiri ankathawa munthu akayamba, ndiye ukafunsa kuti zimayamba bwanji, ankangoti, "Tinangomva phi!" Ndipo pamaso pa dokotala aliyense ankati inde. Amamwa mankhwala? Inde. Sadumphitsa? Inde. Titatsala ndi mayina asanu ndi limodzi, a Sakala anati, "Muno anthu amavala mayankho a pa Sabata. Pita kunyumba zawo, ukaone a masiku onse."

Dzina loyamba pa mndandanda linali la Dailesi Tembo wa ku Kanyama, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Sukulu anasiyira Giredi 6 makolo a anzake atadandaula. Pamkono anali ndi chipsera chachikulu cha mbaula. Amayi ake, amene aliyense ankawatchula kuti amake Dailesi, anali mayi wamasiye wochokera ku Katete, wogulitsa makala m'timapepala. Iwo sankathawa. Ankafotokoza chonchi: "Amayamba wanena kuti m'mimba mwakwera chinthu. Ndiye maso amaima, ayamba kutafuna ngati ali ndi nzimbe m'kamwa, dzanja ili likufunafuna pachitenje ngati wataya singano. Ndikawerenga mpaka khumi, ndiye wapita." A Sakala atamva anati, "Mayi awa akanapita kusukulu, ine ndikanakhala wowanyamulira chikwama." Mapepala anga nawo, ulendo uliwonse, ankaloza pamwamba pa khutu lamanja. Mtundu woyamba wa mankhwala Dailesi anaumwa ali m'wodi, manesi akuona, ndipo sunathandize. Wachiwiri unali wa aang'ono oyera aja, atatu madzulo alionse.

Ndinapita kwawo Loweruka katatu. Ankakhala m'zipinda ziwiri za lendi, kuseri kwa msika, pabwalo pongotuluka miyala. Dailesi anabadwira m'tauni ndipo pakamwa pake panali posiyana ndi panga. Ankaluka tsitsi la anzake atakhala pansi, poti pampando amayi ake sankamulola.

"Ba Eliya, manje bakanimeta mpala kuja, muzanigulila duku?"

Ine ndinkangoyang'ana m'kope langa.

"Onani, amama, bachita manyazi! Bantu ba ku Chadiza!"

Nditamufunsa, monga fomu inkafunira, chimene akuyembekeza akachira, anasiya kuseka. "Nifuna chabe kubeleka mwana kumbuyo. Olo wa eni ake. Kuno nikatambasula manja, mwana bamuchotsa monga naonetsa mpeni."

Masiku onse atatuwo, dzuwa likapendeka, pankabwera mayi wachitsikana wa nyumba yoyandikana, mwana ali kumbuyo, kapu ili m'manja. "Odi, amake Dailesi, ndipempheko kamchere." Dzina lake anali Velonika. Tsiku lachitatu Dailesi anaseka. "Ba Velonika na mchele! Muphikila komboni yonse?" Amayi ake anamuyang'ana ndi diso lomuletsa. Ine ndinaona kuti chitini cha mchere chinali pawindo, koma mayiwo anatenga kapu n'kulowa nayo kuchipinda chogona. Ndinaona, koma sindinaganizepo kanthu. Botolo la mapiritsi ndinali nditaliwerenga kale, ndipo linkagwirizana ndi khadi: atatu ankatuluka tsiku lililonse. Ndinali nditachonga kale pafomu.

Potsanzika, Dailesi anandiperekeza mpaka pampopi wa madzi, monga achitira ndi mlendo. Posowa chonena, ndinafunsa kuti, "Atatu aja sakugonetsa kwambiri?"

"Atatu?" anatero. "Ine nimamwa awili. Si mwamene munalembela?"

Ndikanatha kupitirira n'kukakwera minibasi. Ndinabwerera. Amake Dailesi atangoona nkhope yanga anatuma Dailesi kukayang'anira makala, ndipo anandilowetsa m'nyumba.

Anandiuza zonse. Velonika anali wa kwawo ku Katete, wokwatiwa ndi mlonda wa kumayadi. Zaka ziwiri m'mbuyomo, ali ndi pakati, anagwa m'nyumba momwemo, pamaso pa iwo okha. Atatsitsimuka anawagwira miyendo kuti asanene. Matendawo anali nawo kuyambira kumudzi, ndipo akwawo anabisa pomukwatitsa. Mwamuna akanadziwa akanamubweza, mwana n'kutengedwa ndi akuchimuna. Kuchipatala sakanapita, chifukwa pamzere wathu pankaima anthu a Kanyama yemweyo. Ndiye madzulo alionse piritsi lachitatu la Dailesi linkalowa m'kapu, n'kukwiriridwa ndi mchere. Wopempha mchere palibe amene amamufunsa, ndipo palibe amene amamumana.

"Chiyambire sanagwenso," anatero mayiwo. "Limodzi limamukwanira. Wangayu, awiri amagwa, atatu amagwa. Ndimamudziwa, ndinamubala ndine. Inu mukanatani, a Mbewe?"

"Atatu anamwa kwa nthawi yaitali bwanji, amayi?"

"Miyezi iwiri kapena. Paja nthawi ija ankasowasowa."

Kenako anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Mayi wa msinkhu wa amayi anga anagwada pansi pa simenti yong'ambika, pamaso pa ine mnyamata. "Mwananga, ndinu wa kwathu. Mwachonga kale. Siyani chomwecho. Mulungu sadzakufunsani."

Ndinati, "Dzukani, amayi," ndipo sindinalonjeze kanthu. Iwo anayesa kuti ndavomera.

Lamulungu lonse ndinalimbana nazo. Ndinkati, bwanji ngati piritsi lachitatulo ndilo likanamuchiritsa, ife n'kumutumiza kukatsegulidwa mutu pachabe, n'kubwera wosadziwa amayi ake? Mantha amenewo anali enieni, ndipo mpaka lero sindinganene kuti anali opusa. Koma popeza ndikulembera inu, ndinene ndi zinazo. Ndinkaopa kuti kunjako akayeza magazi adzaona kuti mankhwala ndi ochepa, n'kufunsa kuti anapita kunyumbako ndani. Ndiponso, pansi pa zonse, ndinkalakalaka kuona a Sakala akugwedeza mutu kuti mnyamata wa ku Chadiza waona chimene botolo linabisa.

Lolemba m'mawa ndinawauza.

Sabata yomweyo kunafika dokotala wa bungwe lija, mayi wachizungu wamtali, wa imvi. Anayang'ana mapepala a Dailesi nthawi yaitali, n'kunena kuti mwa onse uyu ndiye ankaoneka woyenera kwambiri. Kenako anati sangatsegule mutu wa mwana amene mwina akusowa piritsi limodzi lokha. Amwe atatu kwa miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa. Akapitiriza kugwa, chaka chamawa adzakhala woyamba kukwera ndege. Womasulira mawu amenewa kwa amake Dailesi ndinali ine. Sanandiyang'ane. Anangoti, "Zikomo, adokotala."

Amake Dailesi atatuluka, a Sakala ananena pamaso pa mlendoyo kuti, "Uyu ndi Eliya. Ndi wosamala. Popanda iye tikanalakwitsa." Mzunguyo anandigwira chanza. Ana anga, mtima wanga unasangalala. Ndikanakonda kulemba kuti unawawa, koma unasangalala.

Pakhonde ndinapeza mayi aja akundidikira. Analankhula motsitsa. "Nanga mchere?"

Ndinalonjeza kuti ndiyesa, ndipo ndinayesadi. A Sakala anavomera kumuona Velonika mobisa, nthawi ya chakudya cha masana, polowera khomo la kumbuyo. Anabwera atanama kuti akupita kusikelo ya mwana. Tinamutsegulira khadi. Ku famasi anayang'ana khadilo, n'kuona kuti ndi latsopano, n'kunena kuti akayesenso mwezi wina.

KUMAPETO KWA CHAKA CHACHITATU, NDI CHAKA CHACHINAYI

Amake Dailesi anachita zimene anauzidwa. Kapu ya Velonika inayamba kubwerera ndi mchere wokhawokha. Velonika anatha masabata asanu osagwa. Sabata yachisanu ndi chimodzi anagwa akuphika, mwana ali kumbuyo. Mwanayo sanapse, koma iye anagwera chafufumimba pambaula, nkhope ndi dzanja. Anthu anaima patali akukuwa. Amene anamukoka pamoto anali amake Dailesi. Velonika atatuluka m'chipatala, mwamuna wake anamukweza basi ya ku Katete, mwana n'kutsala ndi alongo ake a mwamunayo ku Chawama. Sindinamvenso za iye.

Dailesi anamwa atatu. Ankagona mpaka dzuwa kutentha, kuluka tsitsi kunamukanika, ndipo ankagwabe monga kale, kawiri kapena katatu pa sabata. Mwezi umene ku famasi kunauma ndithu, amayi ake anagulitsa mapoto awiri ndi bulangete kuti akagule m'tauni, kuopa kuti tsiku limodzi lingadumphe n'kuwononga umboni. Miyezi isanu ndi umodzi itakwana, umboni unakwananso. Amayi ake aja ankanena zoona. Awiri amagwa, atatu amagwa.

A Sakala analembera bungwe lija kalata tsiku lomwelo. Yankho linatenga miyezi inayi. Linati bungwe lasintha ntchito zake ndipo silitenganso odwala. Analembera ena, kuno ndi uko. Ena sanayankhe, ena anayankha mwaulemu kwambiri. Chaka chisanathe, nawonso a Sakala anatsatira anzawo amene anali atapita kale kukagwira ntchito kumayiko oyandikana nafe. Sindiwaimba mlandu. Malipiro a dokotala nthawi imeneyo ankatha tsiku la khumi ndi chisanu la mwezi lisanafike. Anandisiyira makiyi a kachipinda kaja ndi kalata yondiyamikira, imene inanditsegulira maphunziro ndi kukwezedwa konse kumene mukukudziwa. M'kalatamo anatchula nkhani ya piritsi lija.

Malo a Dailesi anapita kwa kalipentala wina wa ku Matero. Anapita, anabwera, ndipo sanagwenso. Anakwatira, mwana wake woyamba n'kumutcha Eliya. Mumawadziwa, ndi aja amatibweretsera nkhuku pa Khrisimasi. Iwo amakhulupirira kuti ine ndinawamenyera nkhondo. Ndimalandira nkhukuyo, chifukwa kuchira kwawo n'kwenikweni ndipo ndimakondwera nako. Koma mwina munaona kuti tsiku limenelo ine ndimadya ndiwo zamasamba.

Dailesi ankabwerabe mwezi uliwonse kudzatenga mankhwala, ndipo ankasuzumira pakhomo langa. "Ba Eliya, ndeke yanga ili kuti?"

"Posachedwa," ndinkatero.

Munthu amene sanalembepo bodza m'faelo ankanena bodza limenelo ndi pakamwa kakhumi ndi kawiri pa chaka. Pang'ono ndi pang'ono nthabwala zake zinatha. Mawu anayamba kumulemera, mayina ankamuthawa. Kenako anasiya kufunsa za ndege. Ankangosuzumira, n'kundiyang'ana, n'kupita.

CHAKA CHACHISANU NDI CHIWIRI, DZINJA

Inu munakulira ku Mtendere, koma mukudziwa mmene Kanyama amakhalira mvula ikalimbika. Pansi pake ndi mwala, madzi alibe kolowera, ndiye amangoima m'njira ndi m'mabwalo masabata ambiri. M'mawa wina, amayi ake atapita kukapikula makala, Dailesi anatuluka kukataya madzi amene analowa m'nyumba. Anagwera pabwalo, m'madzi olekeza m'akakolo. Anthu anamuona. Anaima pamakomo awo kudikira kuti amalize, monga ankachitira masiku onse. Sanaganize kuti nkhope ili pansi.

Za maliro palibe anandiuza. Ndinadziwa patapita masabata atatu, pamene amake Dailesi anagogoda pakachipinda kanga, atavala duku lakuda. Kuyambira tsiku la pakhonde lija anali asanalowemo. Ndinawapatsa mpando, anakana. Anandiuza zimene ndalemba pamwambazi ndi mawu ochepa, osalira. Ine ndinayamba kupepesa, koma anakweza dzanja.

"Tulutsani faelo yake, a Mbewe."

Ndinaitulutsa. Inali yonenepa, yodzaza mapepala olembedwa mbali zonse ziwiri.

"Paja inu mumalemba zoona. Lembani. Lembani kuti kuyambira tsiku lija anamwa atatu. Zaka zinayi. Sanadumphitse ngakhale limodzi."

Ndinalemba.

"Werengani ndimve."

Ndinawerenga mokweza, m'kachipinda mmene munalibenso dokotala woti awerenge faeloyo.

"Chabwino," anatero. Kenako anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa botolo lija, n'kuliika pathebulo. Munali mutatsala mapiritsi a masabata awiri. Lamulo linkati mankhwala a womwalira abwezedwe ku famasi, alembedwe m'buku. Ndinatambasula dzanja kuti nditenge bukulo, koma iwo anaika chala chawo chakuda ndi makala pachivundikiro cha botololo.

"Awa ayi," anatero. "Awa musunge inuyo. Adzabwera wina wopempha mchere."

Anatuluka osatsanzika. Ndinakhala ndikuyang'ana botololo mpaka wodwala wotsatira anagogoda. Pamenepo ndinalitenga n'kuliika m'thumba la malaya. Amenewo, ana anga, sindinawalembe paliponse.